Momwe mungapindulire ndi laibulale ya pakoleji, osamangolowamo kuthawa dzuwa

Ang'ono anga a kuno kuchigwa amene mwayamba koleji chaka chino, kaya ndi TTC, kaya unamwino ku Muona, kaya mwakwera Thabwa kupita ku MUBAS kapena ku MUST, ndati ndikutsineni khutu za laibulale. Ine chaka choyamba ndinkalowamo chifukwa cha fani basi, Okutobala uja kukatentha mpaka madigiri 40 ku hositelo kosakhalika ndiye ndimangokhala pakona pafupi ndi soketi kumatchaja foni, buku lotsegula patsogolo koma osaliwerenga. Ndinadzidzimuka nditapeza sapu, mayeso obwereza aja ukalephera.

Choyamba kalembetseni sabata yoyamba yomweyo. Tengani ID ya sukulu, ngati sinatuluke funsani ngati angalandire risiti ya fizi. Tsiku loti akuonetseni za mkatimo musathawe ngakhale ma kontinyuwing'i (ophunzira akale) akuuzeni kuti nzotayitsa nthawi, ndipo a pa kauntala aja apatseni moni bwinobwino muwadziwe dzina, mudzawafuna.

Kenako phunzirani kuwerenga kanambala kali pamsana pa buku. Malaibulale ambiri amatsata manambala a Dewey: za uphunzitsi zili pa 370, zachipatala pa 610, zaulimi pa 630. Ena amagwiritsa ntchito zilembo, L za maphunziro, R zachipatala, S zaulimi. Mukadziwa shelefu yanu simuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Ndipo chonde zobisa buku pa shelefu ina kuti anzanu asalipeze ndi ufiti, tonse tabwera kudzaphunzira.

Apa ndiye pofunika. Mabuku amene alekichala amawatchula kwambiri mkalasi nthawi zambiri amakhala awiri kapena atatu pa kalasi yonse, ndiye sawaika pa shelefu, amakhala kuseri kwa kauntala ku short loan komwe umabwereka maola ochepa kapena usiku umodzi, ukachedwa kubweza faini imawerengedwa ndipo ndalama ya usipa wa sabata yonse imathera pomwepo. Ife tinkachita chonchi: gulu la anthu anayi, mmodzi afike asanatsegule, abwereke, tijambule pa foni mutu umene tikuufunawo nkuponya pa gulu la WhatsApp, buku libwerere nthawi isanakwane. Pomwepo funsaninso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Funsani semesita ikungoyamba, sabata ya mayeso mupeza masamba ena atang'ambidwa.

Chachinayi ndi intaneti. Makoleji ambiri ali mu bungwe la MALICO limene amasonkherana kulipira ma journal a pa intaneti, komanso kuli Research4Life, mmene muli HINARI ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Funsani a laibulale ngati sukulu yanu ilimo ndipo akuuzeni kalowedwe kake, mapasiwedi amakhala nawo iwo koma ophunzira safunsa. Mabuku a OpenStax ndi aulere kwa aliyense, a biology ndi anatomy alipo abwino zedi. Dawunilodani zonse pa WiFi ya sukulu magetsi akadalipo, bandulo yanu isungeni.

Mukadawuniloda musasunge mu foni mokha, dzitumizireni pa imelo kapena Google Drive. Amene tinaona Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa, madzi akalowa m'nyumba sasankha kuti ili ndi kope la notsi. Nyengo ya mvula buku la laibulale likulungeni mu majumbo awiri, makamaka ngati mukuwoloka pa bwato kapena kukwera kabaza kupita kumudzi, likanyowa kapena kutayika mulipira ndinu.

Tsopano nkhani imene ambiri timaichitira manyazi. Pakhomo pa laibulale kapena pafupi pamakhala bolodi la zidziwitso, muziima nkuwerenga, ndi pamene amamata za ma bursary, ndipo a ku yunivesite muzionanso za ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, ndi tsiku lotsekera. Ngati fizi yavuta, kapena mukugona ndi njala chifukwa kumunda kwa makolo kunakokoloka, pitani ku ofesi yoona za ophunzira, kwina amati kwa a Dean of Students. Lembani kalata yaifupi, dzina, nambala yanu ya sukulu, vuto, muchite fotokope imodzi musunge. Sikuti akupatsani ndalama tsiku lomwelo ayi, koma mwayi ukabwera amayamba kukumbukira amene analemba.

Malungo akakugwirani kapena kwagwa maliro nthawi ya mayeso, kanenereni mayeso asanalembedwe ndipo mutenge kalata ya kuchipatala. Mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anangogona mchipinda masiku atatu akumwa panado, pokanena mayeso atadutsa zinavuta kwambiri.

Ndipo maganizo akachuluka, tulo osabwera, chakudya osachifuna, kapena wina wa udindo akukuvutitsani kuti mugone naye kuti akukhozetseni, musafe nazo. Kuli a khansala, abusa kapena ansembe a pasukulu, anamwino a pa kiliniki, a bungwe la ophunzira. Ngati simukudziwa chitseko chogogoda funsani a pa kauntala omwe aja motsitsa mawu kuti ofesi ya uphungu ili kuti, safunsa kuti mukukatani.