Timbozi tikukumalizirani maluwa? Chitani izi

Inu amene muli ndi ma rozi pakhomo kapena mwangodzala timitengo ta mango ndi malalanje, mvula ikangoyamba timbozi timabwera osati masewera. Ine chaka chatha ndinazindikira mochedwa, ndinangoona masamba asanduka sefa, kwatsala mitsempha yokhayokha.

Osamangoyang'ana pamwamba pa tsamba ayi, tembenuzani muone kunsi, ndi komwe timabisala ndipo timakhala tobiriwira ngati tsamba lomwelo moti mukhoza kudutsa osationa. Mukaona tsamba lapindika ngati ndudu, lomatidwa ndi ulusi ngati wa kangaude, tsegulani, kali mommo. Tindowe takuda tothothokera pamasamba a m'munsi ndi chizindikiro china. Fufuzani m'mamawa kapena usiku ndi tochi.

Ngati mitengo ndi yochepa ingotolani ndi manja basi n'kuponya mu ndowa ya madzi a sopo. Koma taubweya tija osagwira chimanjamanja, timayabwa koopsa, valani jumbo kumanja.

Tikachuluka sinjani masamba a nimu, viikani usiku wonse, sefani, thiranimo kasopo pang'ono kuti mankhwala azikakamira patsamba, nde mupope madzulo dzuwa litapepa kuopa kuwotcha masamba komanso njuchi zimakhala zitapita. Bwerezani pakatha masiku 7, mvula ikatsuka mupopenso. Nimu sapha pompopompo, mbozi imayamba yasiya kudya kaye, nde musathamangire kunena kuti sizikugwira.

Mankhwala a kusitolo otchedwa Bt, opangidwa kuchokera ku mabakiteriya opha mbozi, amagwira bwino mbozi zikadali zing'onozing'ono, zikanenepa kale mungotaya ndalama.