Damu likakana kubiriwira, musathamangire kuonjezera zitosi

Anzanga alimi a nsomba kuno ku Nkhotakota, funso lomwe ndimalimva pafupipafupi ndikamayendera madamu cha ku Chia ndi m'mbali mwa Kaombe ndi lomweli: alangizi, zitosi za nkhuku tikuthira sabata ndi sabata koma madzi angoti mbee, makumba ndi chilunguni sizikukula, chavuta n'chani? Nthawi zina zitosizo zilibe mlandu.

M'madzimo muli mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo si onse obweretsa kolera ayi, ambiri ndi aganyu athu osalipidwa. Ena amawoletsa zitosi ndi madeya otsala, ena amasintha amoniya wochokera mu ndowe za nsomba kukhala chakudya cha ndere zing'onozing'ono zobiriwitsa madzi zija. Koma aganyuwa sagwirizana ndi asidi. Asidi wa m'madzi timamuyeza ndi muyezo wotchedwa pH, nambala yake ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Damu labwino limafuna pH ya 6.5 mpaka 9, ikatsika kufika pansi pa 6 ntchito yawo imazilala, zitosi zimangounjikana pansi n'kumanunkha, inu n'kumathira zina, ndalama zikupita.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ine ndi mabatire. Masiku ano ambiri tili ndi sola, batire ikafa timaiponya mu ngalande kapena ana amaiswa n'kumaseweretsa, osadziwa kuti mkatimo muli asidi ndi mtovu. Mabatire a tochi nawonso ali ndi zinki. Tsono madzi akakhala ndi asidi zitsulozi zimasungunuka msanga, ngakhale aluminiyamu wa m'dothi momwemo amatuluka, n'kupha mabakiteriya abwino aja, amatsala ochepa opirira okha. Mtovu suwola, umalowa mu nsomba zomwe mudyetse ana anu.

Ndiye batire yakufa isayandikire damu kapena mtsinje, isungeni pouma mukagulitse kwa ogula zitsulo zakale. Njinga yamoto musatsukire pomwe madzi amalowera m'damu. Kumbaninso ngalande kumtunda kuti madzi amvula ochokera m'munda wothira feteleza azidutsa pambali.

Mukakolola nsomba phwetsani damu liwume, wazani laimu wa ulimi pansi ponse kuti achepetse asidi uja, phulusa la nkhuni limathandizako ngati laimu wasowa. Kenako lowetsani madzi, thirani zitosi, dikirani masabata awiri musanaike ana a nsomba. Kuchuluka kwa laimu musaloze ndi maso, tiitaneni tiyeze kaye madziwo. Pisani mkono mpaka pachigongono, chikhatho chikabisika ndi kubiriwira ndiye kuti aganyu aja abwerera pa ntchito.