Chigayo chamira: momwe mungafunsire thandizo la boma madzi akakuonongerani bizinesi

Lunkhwakwa akadzaza pakati pa Chipata, kapena Lupande akatayikira m'minda ya ku Mambwe, pa wailesi timamva za nyumba zakugwa, milatho yoduka ndi chimanga chokokoloka. Za chigayo chimene chagona m'madzi usiku wonse sizimveka kawirikawiri. Chonsecho mudzi wonse umagayitsa pamenepo, ndipo chikaima amayi amabwerera ku mtondo. N'chimodzimodzi ndi makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, opera chiponde, ndi opunthira mpunga ku Chama.

Ndalama za boma zothandiza kuti bizinesi yotere idzukenso zilipo, koma sizili pa khomo limodzi, ndipo sizitsata amene walira mokweza. Zimatsata pepala. Ambiri amene ndawaona akubwezedwa ku ofesi sanabwezedwe chifukwa chonama ayi. Anasesa matope, kutaya matumba owola, kupenta khoma, kenako n'kupita kukafotokoza ndi pakamwa chabe. Tsono ntchito imayamba madzi asanaphwe n'komwe.

Choyamba: musanagwire tsache, jambulani

Tengani foni mujambule zonse mmene zilili. Mzere wa matope umene madzi asiya pakhoma ndiwo mboni yanu yaikulu. Imikani munthu kapena khasu pambali pake kuti woona chithunzi adziwe kuti madzi anafika m'mawondo kapena m'chiuno. Jambulani mota, sitata, mita ya magetsi, sikelo, matumba onse ali pamalo pawo. Pa mota ndi pa injini pamakhala kachitsulo kolembedwa nambala ndi mphamvu yake. Kapukuteni, mukajambule pafupi. Tengani kanema mukuyenda kuchokera panja pomwe pali chikwangwani cha bizinesi mpaka mkati, mukutchula tsiku ndi dzina la mudzi.

Zithunzizo zitumizeni pa WhatsApp kwa m'bale wanu kapena mlembi wa gulu tsiku lomwelo. Foni imatayika, imagwera m'madzi omwewo.

Kenako khalani pansi ndi kope. Lembani chinthu chilichonse, kuchuluka kwake, mtengo umene munagulira ndi chaka chake. Matumba a makasitomala amene anasiya kuti mudzagaye mawa alembeni padera ndi maina awo, chifukwa amenewo ndi mlandu wina umene ukubwera. Malisiti ndi mabuku onyowa musawataye. Ayanikeni pamthunzi tsamba ndi tsamba.

Chachiwiri: manja kutali ndi switchi

Apa m'pamene anthu amadziphera okha makina. Madzi akaphwa, mtima umafuna kuyesa ngati chigayo chikulirabe. Mota imene ili ndi chinyezi mkati ikalandira magetsi, mawaya ake amapsa pompo, ndipo chinthu chimene chikanangofunika kuumitsa ndi kusintha mabering'i chimasanduka ntchito yokulunganso mawaya onse kapena kugula ina. Zimitsani pa mita, muitane wamagetsi wodziwa ntchito ayeze motayo ndi chipangizo chake asananene kuti yauma. Ngati pholo kapena waya wa ZESCO wagwa, auzeni eni ake, musaugwire.

Wa injini ya dizilo nayenso asapukuse. Madzi akalowa mu silinda, pisitoni imakanika kuwapanikiza ndipo zitsulo zamkati zimapindika. Khetsani oyilo ndi dizilo, sinthani mafyuluta, makanika atsegule aone.

Amisiri awiriwa apempheni akulembereni zimene apeza, asaine, aike nambala yawo ya foni. Kapepala kameneko kadzakuyankhulirani patsogolo.

Chachitatu: mbewu zonyowa zichoke, koma zichoke ndi umboni

Ndikudziwa kuwawa kwake. Matumba makumi atatu a nshawa ndi ndalama ya chaka. Koma madzi a chigumula adutsa m'zimbudzi ndi m'makola asanafike kwa inu, ndipo chimanga kapena nshawa zikanyowa n'kukhala masiku zimachita chuku. Chuku china chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kukazinga kapena kuphika. Tikukumbukira tonse za mu Ogasiti 2024, pamene unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo pafupifupi theka la zitsanzo 25 zotengedwa ku makampani ogaya chimanga linapezeka ndi poizoniyu wopyola muyezo. Zija zinali za makampani akuluakulu. Inu wa pa mudzi, mbiri yoti chiponde chanu chadwalitsa ana ikangomveka kamodzi, palibe thandizo la ndalama limene lingakubwezereni makasitomala. Ndipo musati mupatse nkhumba kapena nkhuku, poizoniyo amazigwiranso.

Pitani ku khonsolo mukapemphe woyang'anira zaumoyo abwere aone katunduyo, alembe kuti ndi wosayenera kudyedwa, ndi kuchuluka kwake, asanatayidwe. Mukataya nokha kudzala, mwataya kawiri: mbewu ndi umboni womwe. Matumba amene anali pamwamba osakhudzidwa ndi madzi atulutseni, muyanike, ndipo musawabwezere m'nyumba yachinyezi. Chimanga chosunga chimafunika kuuma mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa 12.5 peresenti, muyezo womwe uja a FRA, bungwe la boma logula chimanga, amafuna pogula.

Chachinayi: dzina lanu lilowe m'kaundula wa ngozi

Nkhani za ngozi zadzidzidzi zili m'manja mwa DMMU, nthambi ya mu ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, imene imayendera lamulo la 2010. M'boma lililonse muli komiti ya ngozi yotsogozedwa ndi a DC, ndipo pansi pake pali timakomiti ta m'midzi. Yambirani kwa anyakwawa, kapena kwa akhansala ngati muli m'tauni, komanso kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Gulu loyendera zoonongeka likafika, musangolembetsa nyumba. Nenani kuti palinso chigayo, chimagayira midzi ingati, chimalemba anthu angati.

Koma tisanamizane. A DMMU amayamba ndi moyo: ufa, matenti, mankhwala othira m'madzi akumwa. Musayembekeze kuti akugulirani mota. Chimene mukufuna kwa iwo ndi kalata, kapena chidindo cha ofesi ya a DC pa lipoti lanu, chotsimikiza kuti malo anu analidi m'dera limene linasefukira pa tsiku lakutilakuti. Lembani makope awiri, lina adinde mubwerere nalo kunyumba.

Ngati munali ndi inshuwalansi, imbani sabata yomweyo. Ngati muli ndi ngongole ku banki kapena ku gulu losunga ndalama, pitani nokha asanakutsateni, mupemphe akusunthireni masiku obweza.

Chachisanu: dziwani khomo logogoda

Pano ndichedwapo, chifukwa anthu amasokoneza galanti ndi loni mpaka kukangana ndi akhansala popanda chifukwa.

Khomo lapafupi ndi CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Thumba limeneli linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe chaka ndi chaka. Mkati mwake muli chigawo chotukula amayi, achinyamata ndi magulu, chimene chili pawiri. Mbali ina ndi galanti, ndalama zosabweza. Zimenezi zimapita ku magulu olembetsedwa: makalabu, makopaletivi ndi mabungwe a anthu osachepera khumi. Malamulo a 2022 anaika malire a K40,000 pa gulu. Pofunsa fomu funsaninso malire a chaka chino. Mbali inayo ndi loni ya chiwongoladzanja chochepa, yodzera ku mabanki amene khonsolo yagwirizana nawo, ndipo ndiyo imalandira bizinesi ya munthu mmodzi kapena kampani.

Ndiye ngati chigayo n'cha kopaletivi, galanti ndi njira yanu. Ngati n'chanu nokha, njira yowongoka ndi loni. Pali ena amasonkhanitsa mareji a azilamu ndi adzukulu n'kupanga kalabu ya usiku umodzi kuti atenge galanti. Ine sindingakulangizeni zimenezo. A komiti ya wodi ndi anthu a konko, amadziwa mwini chigayo, ndipo tsiku loyendera mamembala khumi aja adzafunika aonekere ndi kuyankha mafunso. Kuli bwino amayi amene amagula nshawa n'kumapera pa makina anu, ngati ali kale gulu lenileni, apemphe okha za mbali yawo.

Mu CDF mulinso kagawo kosungira ngozi, kochokera ku ndalama za zitukuko za onse. Sikogulira makina a munthu, koma ngati kalavati ya pa msewu wobwera ku chigayo chanu yakokoloka, kumeneko n'kumene mudzi ukakankhire. Chigayo chokonzedwa bwino chimene ngolo sizingafikeko n'chimodzimodzi chakufa.

Khomo lachiwiri ndi CEEC, nthambi ya boma yotukula nzika pa zamalonda, imene ili ndi ofesi ku Chipata kuno. Kumeneko ndi ngongole, yobweza, ndipo amatsegula mwa nyengo. Kwa amene makina ake ndi a ndalama zoposa zimene CDF ingakwanitse, ndiko koyang'ana.

Lachitatu ndi mapulojekiti a boma othandizidwa ndi mabungwe akunja, monga Zambia Agribusiness and Trade Project ya ku unduna wa zamalonda, ya ndalama za World Bank. Iwo amapereka galanti yokumana pakati: inu muikepo gawo lanu, iwo awonjezere. Amafuna bizinesi ya mabuku olongosoka ndi msika wodziwika, ndipo amaitana mapempho pa nthawi yake. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu, ndipo khutu likhale ku Breeze FM, Radio Maria kapena Chikaya, komwe zilengezo zotere zimadutsa.

Chachisanu ndi chimodzi: mapepala

Satifiketi yolembetsera, kaya ya PACRA (kolembetsa mabizinesi ndi makampani), ya dipatimenti ya makopaletivi kapena ya kalabu. Nambala ya msonkho, TPIN, ya ku ZRA. Akaunti ya ku banki ya dzina la gulu, osati ya tcheyamani. Makope a mareji a mamembala. Malamulo a gulu, ndi maminitsi a msonkhano umene munagwirizana zopempha. Ngati zina zinapita ndi madzi, kapempheni makope kumene munalembetsa mwamsanga, poti zimenezi n'zimene zimadya masabata.

Chachisanu ndi chiwiri: kulemba pempho

Fomu ya CDF imapezeka ku khonsolo ndi kwa a komiti ya chitukuko ya wodi, WDC, ndipo sigulitsidwa. Wina akakuuzani kuti mumupatse ya "kufulumizitsa", dziwani kuti wakuonani ngati ndiwo.

Polemba, pewani chiganizo chakuti tikupempha thandizo chifukwa tavutika. Onse amene mafomu awo ali pa tebulopo avutika. Nenani chimene chinaonongeka, chimene mwakonza kale ndi ndalama zanu, ndi chimene chatsala kuti makina alire. Gulu lina la amayi limene ndinalithandiza kulemba linayamba ndi kupempha makina atsopano, nyumba yatsopano ndi njinga yamoto. Titakhala pansi ndi lipoti la wamagetsi, tinapeza kuti chofunika ndi mota, sitata, malamba awiri, sefa ndi matumba ochepa a mpendadzuwa oyambira. Pempho linachepa kufika pa ndalama yoti komiti ingavomere osakanda mutu.

Mtengo uliwonse ukhale ndi kotesheni ya sitolo, yodindidwa, makamaka kuchokera m'masitolo awiri kapena atatu. Onetsani za m'kope la tsiku ndi tsiku: mumagaya mabigili angati, mumalipira anyamata angati, alimi angati amakugulitsani mbewu. Ngati simunkalemba, yambani lero, ndipo musapeke manambala a m'mbuyo.

Gawo limene ambiri amalumpha ndi lakuti madzi akadzabweranso mudzatani. Wopereka ndalama safuna kugula mota imene idzamirenso Febuluwale wamawa. Ikani mu bajeti simenti yokwezera nsanja ya makina kupitirira mzere uja wa pakhoma, mapaleti oikapo matumba, ngalande yozungulira nyumba, ndi kukweza mita ndi sitata. Ngati malowo ali m'dambo kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kambiranani ndi anyakwawa za malo ena, kalata yawo muiphatikize.

Mukapereka

Fomu imadutsa ku WDC, kupita ku komiti ya CDF ya dera lanu, kenako khonsolo. Sungani fotokope ya zonse, ndipo wolandira alembe dzina ndi tsiku pa kope lanu. Pitani kukafunsa mwaulemu pakapita masabata angapo. Musadalire uthenga wa pakamwa wa munthu amene wamva kwa wina.

Njirayi siithamanga, ndipo nyengo yokolola sidikira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Musakakongole kwa a kaloba podalira galanti imene sinalowe mu akaunti. Ngati mungathe kubwereka mota kwa mnzanu wa chigayo china, kapena kukagayira kwa iye mogawana phindu, teroni kuti makasitomala asazolowere njira ina.

Ndalama zikalowa, gulani zomwe zili pa bajeti basi, ndipo ngati mitengo yakwera lembani kalata ku khonsolo musanasinthe kanthu. Lisiti lililonse lilowe mu envulopu imodzi, yosungidwa m'pulasitiki pamwamba pa shelefu. Musanayambenso kugayira anthu, tsukani makina onse, muwaumitse, mugaye ndowa imodzi yoyamba n'kuitaya, ndipo woyang'anira zaumoyo uja abwerenso aone. Opanga mafuta ndi chiponde cha m'mabotolo atumize zitsanzo zikayezedwe ku ZABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, asanabwezere katundu m'masitolo.