Mmene mungagulitsire galimoto pa intaneti osaberedwa m'chigawo cha Tete

Munthu wa ku Ulónguè, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete akafuna kugulitsa galimoto masiku ano, sadaliranso chipepala chomata pagalasi lakumbuyo chokha. Amaijambula n'kuika zithunzizo pa Facebook Marketplace ndi m'magulu a malonda a pa WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe foni imakhala itayamba kulira. Ena mwa oimbawo ndi ogula enieni, ena ndi ongofunsa mtengo basi, koma pamakhalanso akathyali amene ntchito yawo ndi kusakasaka malonda ongoikidwa kumene. Njira zawo zimasinthasintha, komabe zonse zimafuna chinthu chimodzi, chomwe ndi chakuti mupereke galimoto, mapepala kapena ndalama musanatsimikize kuti mwalipidwa. Choncho galimoto, makiyi ndi mapepala ake zisachoke m'manja mwanu kufikira mutaona ndalama mu akaunti yanu, poyang'ana inu mwini kubanki kapena pafoni yanu, osati pa chimene wogula wakuonetsani.

Musanalengeze malonda

Yambani ndi mapepala. Livrete (chikalata chofotokoza galimoto), título de propriedade (pepala la umwini), inshuwalansi, pepala la inspecção (losonyeza kuti galimoto idayesedwa) ndi lisiti la msonkho wa galimoto wa chaka chino zikhale pamodzi, ndipo nambala ya chassis yolembedwa pa livrete ifanane ndi imene idadindidwa pagalimotoyo. Si zachilendo kuno kupeza galimoto imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo, nambala yake ikuthera ndi MC kapena MP (zilembo za ku Maputo), koma título ikadali m'dzina la munthu wa ku Maputo amene mwini wake wa lero sanamuonepo. Ngati yanu ili choncho, konzani kaye zimenezi musanaigulitse, chifukwa wogula woona mtima adzakayika, pamene wakuba amaikonda galimoto yotere podziwa kuti inu mudzavutika kutsimikizira apolisi kuti ndi yanu.

Pojambula, bisani nambala ya galimoto ndipo musaijambulire pakhomo panu pamene geti ndi nyumba zikuoneka. Munthu akapempha kuti mumutumizire chithunzi cha livrete, cha título kapena cha BI yanu (chitupa cha unzika) asanabwere n'komwe kudzaona galimoto, mukanizeni mwaulemu, mumuuze kuti mapepala adzawaona ndi maso tsiku lokumana. Zithunzi zimenezo ndi zimene wachinyengo amagwiritsa ntchito pokopa anthu ena kuti galimotoyo ndi yake.

Munthu woima pakati

Chinyengo chimene chimapweteka kwambiri ndi chimene wakubayo saonekera n'komwe, ndipo ndi chofunika kuchimvetsa bwino chifukwa ogwidwa nacho nthawi zambiri ndi anthu ochenjera amene ankaganiza kuti akusamala.

Tinene kuti mwaika Toyota Hilux pamtengo wa 900,000 meticais. Wakubayo amakopera zithunzi zanu n'kuikanso malonda omwewo m'gulu lina pamtengo wa 600,000, ndi nambala yake ya foni. Akapeza womukhulupirira, mwachitsanzo mlimi wa ku Furancungo amene wangolandira ndalama za fodya, amakuimbirani inuyo ngati wogula. Amati: "Bambo, ine ndili ku Beira kuntchito, koma nditumiza mlamu wanga adzaione. Ndili naye ngongole ndipo galimotoyi ndikumugulira pomubwezera, ndiye chonde za mtengo musakambe naye, zimenezo ndi za ife awiri." Kwa mlimi uja amanena kuti amene akusunga galimotoyo ndi msuweni wake wovuta, amene sakufuna kuti igulitsidwe motchipa, choncho nayenso asatchule mtengo. Inu ndi mlimiyo mumakumana, amaiona galimoto, amaiyesa, amaona kuti mapepala ndi enieni, ndipo aliyense amakhala chete pa nkhani ya ndalama monga adalangizidwira. Kenako mlimiyo amatumiza 600,000 ku akaunti imene adapatsidwa pafoni n'kutambasula dzanja kuti mumupatse makiyi. Inu simunalandire kanthu, foni ya wakuba uja yazimitsidwa, ndipo nonse awiri mukathera ku esquadra (kupolisi) mukulozana chala.

Mankhwala ake ndi osavuta, kungoti amafuna kuti musachite manyazi. Aliyense amene wabwera kudzaona galimoto mumufunse dzina lake, kumene adaona malondawo, mtengo umene adauzidwa ndiponso munthu amene akuganiza kuti adzamulipira. Mumuonetse BI yanu pambali pa título kuti adziwe kuti mwini wake ndinu, ndipo munene mtengo wanu momveka. Wina akakupemphani kuti mubise mtengo kwa munthu amene waima pafupi ndi galimoto yanu, malondawo athere pomwepo, ngakhale chifukwa chake chikumveka chachibale chotani. Anthu othandiza kupeza ogula kuti alandirepo kangachepe alipo ndithu, ndipo ambiri amagwira ntchito yawo moona mtima, koma woona mtimayo saopa kuti wogula ndi wogulitsa akambirane, ndipo gawo lake mumagwirizana poyera, ndalama zonse zikalowa kwa inu.

Uthenga si ndalama

Pa nkhani ya kulipira, akathyali amadalira kuti anthufe tazolowera kukhulupirira foni ikalira. Uthenga wonena kuti mwalandira ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh munthu aliyense akhoza kuulemba, ndipo mukauyang'anitsitsa nthawi zambiri umakhala utachokera ku nambala wamba yoyamba ndi 84, 86 kapena 82, osati ku dzina la kampani. Musadalire ngakhale kuyang'anitsitsako. Lowani nokha, pa *150# ngati ndi M-Pesa kapena pa *898# ngati ndi e-Mola, muone ndalama zimene zilimo. Kumbukiraninso kuti zikwama za pafonizi zili ndi malire a ndalama zimene zingalowe, kotero kuti mtengo wa galimoto yonse kawirikawiri sungadutse kamodzi, ndipo kulipira pang'onopang'ono pamene wogula akukufulumizitsani ndi mpata wabwino woti mauthenga enieni asakanizidwe ndi abodza.

Chimodzimodzinso comprovativo (umboni wa kulipira) ya kubanki imene yatumizidwa pa WhatsApp. Kusintha dzina, tsiku ndi chiwerengero pa chithunzi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Wachinyengo amakonda kubwera Lachisanu madzulo kapena tsiku loti mawa lake ndi tchuthi, chifukwa amadziwa kuti ndalama zochokera kubanki ina nthawi zina zimaoneka tsiku lantchito lotsatira, ndipo adzakuuzani kuti vuto ndi la mabanki, iye mbali yake wachita. Mwina akunena zoona. Ngati ndi choncho, galimoto idikira Lolemba, ndipo wogula weniweni sataya kanthu podikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cheke ndiye musalandire, pokhapokha ngati mwavomereza kudikira mpaka banki itatsimikiza. Cheke chikaikidwa mu akaunti, ndalamazo zikhoza kuoneka pa saldo contabilístico (zolembedwa chabe) koma zisanafike pa saldo disponível (zimene mungatape), ndipo chekecho chikabwezedwa chifukwa ndi chakuba kapena chopanda ndalama, chiwerengero chija chimafufutika galimoto itapita kale. Pali ena amene amaika cheke mu akaunti yanu osakuuzani, n'kunena kuti atumiza ndalama mwanjira ya masiku onse. Choncho mukaona ndalama zalowa, funsani kubanki kuti zalowa bwanji ndiponso ngati mungazitape lero lomwe.

Wina amati walakwitsa, watumiza zopitirira mtengo, ndiye mumubwezere zapamwambazo msanga pa e-Mola. Wina amati ali kunja kwa dziko, galimoto waikonda osaiona, koma mulipire kaye kampani yodzainyamula ndipo adzakubwezerani. Wina amati akufuna kutsimikiza kuti ndinu munthu weniweni, ndiye mumuwerengere manambala 6 amene abwera pafoni panu, pamene manambalawo ndi otsegulira WhatsApp yanu pafoni ina, kuti ayambe kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Wogulitsa satumiza ndalama kwa wogula, ndipo PIN kapena manambala obwera pa uthenga sauza munthu aliyense, ngakhale amene akudzitchula kuti ndi wa kubanki.

Njira imene ine ndimaiona yabwino koposa ndi yokumana mkati mwa banki nthawi yantchito. Ngati wogula ali ndi akaunti ku banki yomweyo, kaya ndi BCI, Millennium bim, Standard Bank kapena ina, ndalama zimasamuka inu mukuona ndipo mumatuluka ndi pepala la banki m'manja. Ngati wabwera ndi ndalama zogwirika, musaziwerengere m'galimoto kapena kunyumba. Zipite pa kauntala, makina a banki aziwerenge ndi kuziyesa, zilowe mu akaunti yanu. Mulu wa mapepala a 1,000 meticais ndi wosavuta kulowetsamo achinyengo pakati, komanso munthu amene wadziwika kuti wagona ndi ndalama za galimoto m'nyumba amakhala wadziitanira alendo a usiku. Kwa okhala kutali ndi banki, monga m'madera ena a ku Tsangano ndi Chifunde, ulendo wopita ku boma ndi wotopetsa, koma mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi galimoto.

Tsiku loonetsa galimoto

Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, monga pamalo omwetsera mafuta kapena pafupi ndi polisi, ndipo mupite ndi munthu wina. Wofuna kuyesa galimoto aonetse chiphaso choyendetsera, inu mukhale momwemo, msewu musankhe ndinu. Posinthana mipando, zimitsani injini ndipo makiyi mutsike nawo, chifukwa galimoto zina zimabedwa pa kamphindi kamene mwini wake akuzungulira kupita kukhomo lina. Mapepala enieni asakhale m'galimoto, ndipo kiyi yachiwiri isiyeni kunyumba. Ngati wogula akufuna makaniko wake aione, palibe cholakwika, bola muikapo maso anu ndipo galimotoyo isagone kugaraja ya munthu amene simukumudziwa.

Chigawo chathu chili ndi zipata zambiri: Zóbuè ndi Calómuè polowa m'Malawi, Cassacatiza polowa m'Zambia, Cuchamano polowa m'Zimbabwe, osawerengera tinjira tam'midzi timene anthu amadutsa tsiku lililonse. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Calómuè ndi ulendo waufupi, ndipo galimoto ikangodutsa malire kuibweza ndi nkhani yaitali. Wogula wochokera kutsidya si wokayikitsa chifukwa cha kumene wachokera, pakuti ambiri ndi abale athu ndipo timalankhula chinenero chimodzi, koma mtengo mugwirizane mu meticais ndipo za kusintha makwacha achite yekha asanabwere. Kutulutsa galimoto m'dziko kuli ndi ndondomeko yake ku Alfândegas (ofesi ya kasitomu), ndipo musalole kuti iwoloke ikadali m'dzina lanu ndi lonjezo lakuti zotsalazo zidzakonzedwa pambuyo.

Ndalama zikalowa

Ambiri amapumira apa, koma malonda amakhala asanathe. Lembani declaração de compra e venda (kalata ya mgwirizano wa malonda) yokhala ndi maina onse awiri, manambala a BI ndi NUIT (nambala ya msonkho), nambala ya galimoto ndi ya chassis, mtengo, tsiku ndi ola limene mwapereka makiyi, ndipo masiginecha akatsimikizidwe kwa notário (wotsimikizira zikalata mwalamulo). Dzina la pa BI ya wogula lifanane ndi la pa akaunti imene yatumiza ndalama. Ngati walipira ndi munthu wina, zimenezo zilembedwe ndipo iyenso asaine, chifukwa ndalama zochokera ku akaunti yobedwa zikhoza kukubweretserani mafunso inuyo. Kenako pitani limodzi ku ofesi ya kaundula wa magalimoto, Conservatória do Registo Automóvel, kuti umwini usinthidwe, ndipo funsani ku INATRO (bungwe loona za magalimoto a pamsewu) ngati pali china chofunika kusintha pa livrete. Musasaine pepala limene malo a dzina la wogula ali opanda kanthu, ngakhale akuuzeni kuti akufuna kuigulitsanso msanga. Galimoto ikadali m'dzina lanu, zindapusa zake, ngozi imene yachita kapena katundu woletsedwa amene yagwidwa naye zimayamba kufunsidwa kwa inu. Sungani kope la declaração ndi la BI ya wogula, dziwitsani a inshuwalansi, ndipo chotsani malonda aja paliponse pamene mudawaika kuti zithunzi zisapitirire kuyenda.

Ngati zavuta kale, changu ndi chimene chingapulumutseko kanthu. Imbirani banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo kuti ayese kutseka akaunti imene yalandira ndalama, kenako kadandauleni ku esquadra yapafupi kuti nkhaniyo ifike ku SERNIC (nthambi yofufuza milandu), ndipo ngati galimoto yatengedwa perekani nambala yake ndi ya chassis kuti apolisi a m'misewu ndi a m'malire adziwitsidwe. Musafufute mauthenga chifukwa cha ukali kapena manyazi. Jambulani macheza onse, nambala za foni, dzina ndi NIB (nambala ya kubanki) ya akaunti imene mudapatsidwa ndiponso tsamba la munthuyo pa Facebook lisanachotsedwe, ndipo mupite nazo zitasindikizidwa papepala.