Momwe mungaikire mafayilo pa CDN kuti azitsika msanga

Seva yanu ili ku Frankfurt, munthu wofuna fayilo ali ku Sydney. Pakati pawo pali makilomita oposa 16,000. Kuwala m'chingwe cha fiber kumathamanga pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, choncho uthenga kupita n'kubwerako umadya mamilisekondi osachepera 160, ngakhale msewu utakhala wowongoka bwanji. Ndipo makina awiriwa asanayambe kupatsana fayilo amayamba alonjerana: ulendo umodzi wa TCP wotsegula kulumikizana, wina wa TLS wokuteteza, kenako pempho lenilenilo. Kugula seva yamphamvu sikufupikitsa mtunda umenewu.

CDN (content delivery network) ndi gulu la maseva omwazika m'mizinda yambiri padziko. Munthu woyamba kupempha fayilo m'dera lina amachititsa seva ya pafupi naye kukaitenga kwanu, iyo n'kusunga kope lake. Otsatira onse amapatsidwa kope lomwelo, seva yanu osagwira ntchito. Akamai anayamba zimenezi mu 1998, Amazon anatsegula CloudFront mu 2008, ndipo lero kulinso Cloudflare, Fastly, Bunny ndi ena. Pano tigwiritsa ntchito S3, kosungira mafayilo kwa Amazon, ndi CloudFront, CDN yawo, koma mfundo zake n'zimodzimodzi kulikonse, mayina a mabatani okha ndiwo amasiyana.

Yambani ndi kosungira mafayilo

Tsegulani bucket ya S3, yomwe ili ngati nkhokwe ya mafayilo anu, ndipo musiye Block Public Access ili yoyatsa. Ambiri amaizimitsa kuti zinthu ziyende msanga, koma mukatero anthu akhoza kumatenga mafayilo molunjika ku bucket, kulambalala CDN, inu n'kumalipira data yotuluka pa mtengo wa S3. Data yochoka ku S3 kupita ku CloudFront salipiritsa, ndiye palibe chifukwa chosiyira khomo lina lotsegula.

Pokweza mafayilo yang'anani Content-Type. Fayilo yomwe mtundu wake sunadziwike imalembedwa ngati octet-stream, ndipo PDF yomwe mumafuna kuti itseguke m'browser imangotsika ngati katundu wosadziwika. Ngati mukufunadi kuti itsike osatseguka, ikani Content-Disposition: attachment.

Pangani distribution

Mu CloudFront pangani distribution, yomwe ndi dongosolo logawira mafayilo anu, sankhani bucket ija ngati origin, kutanthauza komwe CDN izikatenga mafayilo, ndipo yatsani Origin Access Control, yolola CloudFront kulowa mu bucket yotsekayo. Malangizo akale ambiri amatchula Origin Access Identity. Imeneyo ndi njira yakale, yatsopanoyi inabwera mu 2022. Onetsetsani kuti bucket policy yolola CloudFront kuwerenga mafayilo yalowadi mu bucket. Ikasowa, fayilo iliyonse ibweza 403, yankho lokana wopempha. Dziwaninso kuti S3 imabweza 403 yomweyo pa fayilo yomwe kulibe, ngati wopemphayo alibe chilolezo choona m'ndandanda wa zimene zili mu bucket. Musanayambe kukumba zilolezo, onani kaye ngati dzina mwalilemba bwino. Setup.exe ndi setup.exe kwa S3 ndi mafayilo awiri osiyana.

Mupatsidwa adiresi yothera ndi cloudfront.net. Kuti mugwiritse dzina lanu, monga files.example.com, pemphani satifiketi ku AWS Certificate Manager, koma muipemphere m'chigawo cha us-east-1. Bucket yanu kaya ili ku Ireland kaya ku Cape Town, CloudFront imaona masatifiketi a us-east-1 okha. Ikatuluka, lembani dzinalo pa alternate domain name, kenako ikani CNAME ku DNS yanu yolozera dzinalo ku adiresi ya cloudfront.net ija. Gwiritsani dzina la nthambi ngati files kapena cdn, chifukwa CNAME wamba sakhala pa tsinde la domain.

Zonsezi n'za theka la ola. Pamene anthu amagwa m'mbuna ndi apa pakubwerapa.

Dzina la fayilo ndi nthawi yosungira

Tiyerekeze kuti mukugawa pulogalamu, fayilo yake ndi setup.exe. Mwapeza cholakwika, mwakonza, mwakweza setup.exe yatsopano pamwamba pa yakale. Mukayang'ana mu bucket, yatsopano ilimo. Mukaikopera pa kompyuta yanu, mwina ibweranso yatsopano. Koma madandaulo akubwerabe, ena akuti cholakwikacho chikadalipo, ena akuti checksum, nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yomweyo, sikugwirizana.

Chachitika n'chakuti CDN siidziwa kuti mwasintha kanthu. Seva iliyonse ya CDN ili ndi kope lake ndi wotchi yake. Fayilo ikabwera yopanda Cache-Control, malangizo onena nthawi yoisunga, CloudFront pa policy yake yosungira yotchedwa CachingOptimized imaisunga masekondi 86,400, lomwe ndi tsiku lathunthu, kuwerengera nthawi yomwe seva imeneyo inaitenga. Ya ku London inatenga m'mawa, ya ku Mumbai usiku, ya ku São Paulo sinatengepo. Ndiye kwa tsiku lonse adiresi imodzi ikupereka mafayilo awiri osiyana, kutengera komwe munthu ali.

Pali china choipirapo. Munthu anakopera theka la fayilo yakale, intaneti inaduka, wayambiranso mawa lake. Pulogalamu yake ikupempha kuti ipatsidwe kuyambira pamene inalekezera, ndipo ikupatsidwa theka lachiwiri la fayilo yatsopano. Mapulogalamu osamala amafunsa kaye ndi If-Range ngati fayilo idakali yomwe ija, koma si onse amatero. Chotuluka ndi fayilo ya mutu wina thupi lina, yomwe singatseguke pa makina alionse.

Anthu akafika pamenepa amathamangira invalidation, komwe ndi kuuza maseva onse kuti ataye kope:

aws cloudfront create-invalidation --distribution-id ID_YANU --paths "/setup.exe"

Imagwira ntchito, ndipo njira 1,000 zoyamba pa mwezi n'zaulere, zotsatira amalipiritsa $0.005 iliyonse. Nyenyezi, monga "/*", imawerengedwa ngati njira imodzi, koma imasesa chilichonse, ndipo kwa kanthawi mapempho onse akhamukira ku origin. Vuto lalikulu n'lakuti invalidation imathera pa CDN. Kope lomwe lili m'browser ya munthu, kapena m'proxy ya kuofesi kwake, dzanja lanu silifikako. Komanso browser ikapatsidwa fayilo yopanda malangizo imadziganizira yokha nthawi yosungira, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi yomwe yadutsa chisinthireni fayiloyo. Fayilo yomwe inakhala masiku 100 osasinthidwa ikhoza kusungidwa masiku 10 osafunsanso.

Ena amayesa chidule choika ?v=2 kumapeto kwa linki. Browser imapusitsikadi n'kupemphanso. Koma CachingOptimized siwerengera zimene zili kuseri kwa chizindikiro cha funso pozindikira fayilo, ndiye setup.exe?v=2 kwa iyo ndi setup.exe yomwe ija, ndipo imapereka yakale mosanyinyirika. Mukhoza kusintha policy kuti iziwerengera v, koma mukalola kuti iziwerengera zonse, linki iliyonse yomwe Facebook yawonjezerapo fbclid ikhala fayilo yatsopano m'maso mwa CDN, ndipo aliyense azikatengeredwa ku origin ngati kuti CDN kulibe.

Njira yosavutitsa ndi yosalembanso pamwamba pa fayilo yomwe inatuluka kale. Ikasintha, dzina lisinthenso: setup-2.4.1.exe, kenako setup-2.4.2.exe. Pa mafayilo a webusayiti monga CSS ndi JavaScript, zida zomangira zimatha kuika chidutswa cha hash, nambala yowerengeredwa kuchokera pa zimene zili m'fayilo, m'dzina zokha. Popeza fayilo ya dzina limenelo sidzasinthanso, ipatseni nthawi yaitali:

aws s3 cp setup-2.4.2.exe s3://bucket-yanu/ --cache-control "public, max-age=31536000, immutable"

Masekondi 31,536,000 ndi chaka chimodzi. Mawu oti immutable amauza browser kuti isavutike n'kufunsa ngati pali chatsopano.

Tsopano pakufunika kanthu kamodzi kolozera anthu ku fayilo yatsopano, kaya ndi tsamba lokhala ndi linki, kaya kafayilo kakang'ono ngati latest.json kotchula dzina, kukula ndi checksum yake ya SHA-256. Kameneka kokha ndiko kamasinthidwa pa dzina lomwelo, ndiye kapatseni max-age=60. Ngati mukufuna kuti CDN isunge nthawi ina ndipo browser nthawi ina, s-maxage ndi ya CDN, max-age n'kukhala ya browser. Dongosolo lokwezera lisasokonekere: fayilo yaikulu iyambe, muitsimikize kuti ikutsika, kenako latest.json. Mukatembenuza, anthu alozeredwa ku chinthu chomwe sichinafike, ndipo CloudFront imasunganso yankho la cholakwikalo masekondi 10 ngati simunasinthe.

Mawu awiri amasokoneza ngakhale akatswiri. no-cache satanthauza kuti musasunge, amatanthauza kuti sungani koma muzifunsa kaye musanapereke. Woletseratu kusunga ndi no-store. Ndipo pa CloudFront, minimum TTL, yomwe ndi nthawi yochepetsetsa yosungira, ikakhala yoposa ziro, fayilo imasungidwa nthawi imeneyo ngakhale origin itanena no-store kapena private. Ya CachingOptimized ndi sekondi imodzi. Pa zithunzi sekondi imodzi si kanthu, koma pa chikalata cha munthu mmodzi ndi yokwanira kuti chipite kwa wina. Mafayilo oterowo apatseni behavior yawoyawo, kutanthauza lamulo lapadera mu distribution, yokhala ndi CachingDisabled.

Za SHA-256 zija, muziwerengera nokha n'kulemba. ETag, chizindikiro chomwe S3 imapatsa fayilo iliyonse, musaidalire ngati checksum, chifukwa fayilo yokwezedwa m'zidutswa ETag yake si MD5 ya fayiloyo.

Ngati mafayilo ali kale mu bucket opanda Cache-Control, akopereni pamalo pomwepo ndi --metadata-directive REPLACE, ndipo mutchulenso --content-type, kuopa kukonza china n'kuwononga china.

Yesani musanalengeze

curl -sI https://files.example.com/setup-2.4.2.exe

Ithamangitseni kawiri. Koyamba mzere wa x-cache unena Miss from cloudfront, kachiwiri kapena kachitatu unene Hit from cloudfront, ndipo mzere wa age uzikwera. Pa Cloudflare mzere wake ndi cf-cache-status, wonena HIT, MISS kapena DYNAMIC. DYNAMIC ndiye kuti fayiloyo sakuisunga n'komwe. Cloudflare posankha zosunga imayang'ana mathero a dzina la fayilo, ndipo HTML ndi JSON saisunga pokhapokha mutaika lamulo. Kumenekonso, origin ikamatumiza Set-Cookie pamodzi ndi fayilo, kawirikawiri fayiloyo siisungidwa. Kumbukirani kuti mwayesa seva ya pafupi ndi inu yokha. Hit yanu sikunena kanthu za ku Tokyo.

Nkhani ya ndalama

Bilu ya CDN imakula ndi data yotuluka, ndipo mtengo pa GB umasiyana malinga ndi chigawo chomwe wokoperayo ali. Mu 2021 Amazon anakweza gawo laulere la CloudFront kufika 1 TB pa mwezi. Zimamveka zambiri mpaka mutawerengera: fayilo ya 500 MB, anthu 2,000, yatha. Wina akaika linki yanu pa tsamba lotchuka, olipira ndinu. Ikani chenjezo la AWS Budgets tsiku loyamba lomwelo, podziwa kuti limangokutumizirani uthenga, silizimitsa kanthu.

Cloudflare R2, kosungira mafayilo konga S3, salipiritsa data yotuluka, n'chifukwa chake ogawa mafayilo akuluakulu ambiri amaikonda. Koma musaganize kuti mungoika pulani yaulere ya Cloudflare kutsogolo kwa seva yodzaza mavidiyo basi mwathana nazo. Malamulo awo amaletsa kugawa mavidiyo ndi mafayilo akuluakulu ochuluka mwanjira imeneyo ngati sakusungidwa pa ntchito zawo monga R2 kapena Stream, komanso pa mapulani a Free, Pro ndi Business fayilo yoposa 512 MB siisungidwa m'cache.

Ogulitsa olonjeza data yopanda malire pa kandalama kochepa afunseni m'ndandanda wa mizinda yomwe muli maseva awo, ndipo muyese nokha kuchokera kumadera angapo. Ena ndi maseva atatu ovekedwa dzina lalikulu. Ena amangogulitsanso akaunti ya kampani ina, ndipo tsiku lomwe akauntiyo idzatsekedwe mafayilo anu adzapita nayo limodzi. Chimodzimodzi kukoka JavaScript ku adiresi ya eni ake chifukwa ndi yaulere. Mu 2024 domain ya polyfill.io inagulitsidwa, ndipo patapita miyezi inayamba kutumiza code yoipa ku mawebusayiti omwe ankaidalira. Sungani kope lanu, kapena ikani integrity pa script kuti browser ikane fayilo ikasintha.

Zotsala

Yatsani compression pa CSS, JavaScript, JSON ndi SVG. CloudFront imapanikiza mafayilo a pakati pa mabayiti 1,000 ndi 10,000,000 okha, ndipo ZIP, JPEG ndi MP4 n'zopanikizika kale, musataye nazo nthawi. Onani kuti kuyambiranso pakati kukutheka: curl -r 0-99 ibweze 206, yankho lopereka chidutswa cha fayilo. Mafonti akakana kuoneka chifukwa akuchokera ku domain ina, ndi CORS, lamulo la browser pa mafayilo a ku domain ina, ikani Access-Control-Allow-Origin kudzera mu response headers policy. Mafayilo ogulitsa kapena achinsinsi amafuna signed URL, linki yosainidwa yokhala ndi nthawi yothera, ndipo nthawiyo imayang'anidwa pempho likamayamba, choncho ipatseni mpata wokwanira munthu amene intaneti yake idzaduke pakati. Origin ikamalemedwa ndi maseva ambiri opempha fayilo imodzi, Origin Shield imawasonkhanitsa pamalo amodzi, koma ili ndi bilu yake. Yatsani ma log, ndipo pakatha sabata onani kuti pa mapempho 100 ndi angati anali Hit. Akachepa, bwererani ku cache policy mukaone zimene mwalola kuti ziziwerengeredwa pozindikira fayilo.