Kukonza njinga yamoto yoyamba kuti iyende m'tinjira ta m'tchire

Munthu akangogula njinga yamoto yoyamba ya m'tchire, amafunsa za ekizozi: aike yotani kuti izilira bwino ndi kukoka kwambiri. Ine ndimamuuza kuti ekizozi aisiye kaye. Njinga monga Honda CRF230F, CRF250F yomwe inailowa m'malo mu 2019, Yamaha TT-R230 kapena Kawasaki KLX230R zili ndi mphamvu zokwanira kukweza munthu wamkulu pa chitunda chilichonse chimene wongoyamba kumene angayerekeze kukwera. Injini zake zimazizira ndi mphepo, zilibe radiator yoti iphwanyike, ndipo zimakoka bwino ngakhale mukuyenda pang'onopang'ono. Chimene chimasowa ndi zoiteteza ikagwa, komanso kuti ikwanane ndi thupi la mwini wake. Kugwa kokha idzagwa ndithu, kambirimbiri.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Ikani njinga pa chitsa kapena pa kireti, imirirani pa zopondapo, gwirani mahandulo. Masulani maliva a klatchi ndi buleki, muwatsitse mpaka mkono ndi zala zikhale pa mzere umodzi pamene mwaimirira, chifukwa m'tchire nthawi yambiri mudzakhala chiimirire. Pomanganso mabauti ake musalimbitse mopitirira. Liva ikhale yosasuntha poyenda, koma yoti itembenuke njinga ikamenya pansi m'malo mothyoka. Chopondera buleki ya kumbuyo chilingane ndi chopondapo phazi, ndipo liva ya magiya muikweze mpaka nsonga ya jombo izilowa pansi pake mosavutikira.

Zogula zoyamba ndi ziwiri. Choyamba ndi handguards, zotchinga zala, koma zikhale zija zokhala ndi chitsulo cha aluminiyamu chochokera kunsonga ya handulo kukamangidwa chapakati. Zapulasitiki chabe zimatchinga mphepo ndi matope, sizingapulumutse chala pamtengo. Chachiwiri ndi skid plate, mbale yotchinga kunsi kwa injini. Mwala umodzi ukhoza kuboola injini, oyilo yense n'kutayikira pansi muli kutali ndi msewu.

Pa matayala ndi pamene ndimafuna munthu adekhe. Njinga zimenezi zimakhala ndi limu la mainchesi 21 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, ndipo matayala abwino a kukula kumeneku sasowa. Koma musanagule ena, onani kaye mpweya. Ambiri amapopa tayala mpaka gwa, kenaka n'kumadandaula kuti njinga ikuterera ndi kudumphadumpha pa miyala. M'tchire mpweya wa pakati pa 12 ndi 14 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) ndiwo woyambira. Tayala lofewa limaphwatalala pansi, limakumbatira muzu kapena mwala, mano ake ambiri n'kugwira dothi. Kumalo a miyala yakuthwa kwezani mpaka 15. Yezani matayala asanatenthe, ndi geji yoyezera mpweya wochepa, chifukwa geji ya galimoto siisonyeza bwino manambala otsika chotere.

Mpweya wochepa uli ndi mavuto ake awiri. Mukagunda mwala mwamphamvu chubu chimapanidwa pakati pa mwalawo ndi limu, n'kubooka mabowo awiri oyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Mankhwala ake ndi chubu chochindikala, cha mamilimita 3 kapena 4. Vuto lina ndi loti tayala limatha kuzungulira pa limu, n'kukoka chubu mpaka valavu kuzuka. Choletsa zimenezi ndi rim lock, kachitsulo kokutidwa ndi labala kamene kamapanikiza tayala ku limu. Onani ngati mawilo onse awiri ali nako ndipo ndi komangidwa. Kanati ka pa valavu musakamange kufika pa limu, kasiyeni m'mwamba pafupi ndi kachivindikiro. Mukatero, tayala likayamba kusuntha valavu imangopendekeka, inu n'kuona zisanafike poipa.

Kenaka shoko ya kumbuyo. Apa pamafunika tepi yoyezera ndi mnzanu. Imikani njinga pa chitsa kuti tayala la kumbuyo lilendewere, muyeze kuchokera pa ekiselo kufika pa chizindikiro chimene mwalemba pa madigadi, molunjika m'mwamba. Tsitsani njinga, valani zonse zimene mumavala poyenda, khalani pampando mapazi ali pa zopondapo, mnzanuyo ayezenso pomwe paja. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi kumatchedwa sag, ndipo kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene wilo limayenda shoko ikamagwira ntchito. Pa njinga zikuluzikulu zimene wilo limayenda mamilimita 300, sag imakhala cha pa 100 mpaka 105. Pa izi zophunzirira, zimene wilo limayenda mamilimita cha pa 230, mufune cha pa 70 mpaka 80. Mumasintha popotokola mphete zimene zapanikiza sipuling'i. Ngati mwamanga mpaka kufika pa muyesowo, koma mukatsika njinga siititimira n'komwe ndi kulemera kwake yokha, ndiye kuti sipuling'iyo ndi yofewa kwa munthu wa thupi lanu. Gulani yolimba. Njinga yotitimira kwambiri kumbuyo imakana kukhota, yotukuka kwambiri imagwedeza mahandulo mukathamanga.

Ngati tinjira tanu ndi topanikizika ndiponso ta zitunda, moti giya yoyamba ikuoneka yothamanga ndipo injini ikuzimazima, sinthani masipuloketi. Tinene kuti muli ndi mano 13 kutsogolo ndi 50 kumbuyo: yakutsogolo imazungulira ka 3.85 kuti wilo lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 12 zimafika pa 4.17, mukasiya 13 n'kuika 53 kumbuyo zimafika pa 4.08. Dzino limodzi kutsogolo limalingana ndi mano atatu kapena anayi kumbuyo. Mudzataya liwiro la pamtunda wosalala, koma njinga idzakwawa bwino pa miyala. Ine ndimakonda kukulitsa yakumbuyo, ngakhale nthawi zina imafuna tcheni chotalikirapo, chifukwa yaing'ono kutsogolo imapinda tcheni kwambiri n'kuchidya msanga.

Fyuluta ya mpweya ndi ya siponji, imachapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo wake wonata. Muzitero mukachoka ku fumbi. Masipoko muziwagogoda ndi sipanala. Olimba amalira nge, omasuka amamveka bii. Kulendewera kwa tcheni muzitsata buku la njinga yanu. Ndipo kasefa ka waya ka m'kati mwa ekizozi, kotchedwa spark arrestor, musakachotse. Kamagwira mbaliwali za moto zimene zikhoza kuyatsa udzu wouma, tchire lonse n'kupsa.

Musakwere opanda chisoti chokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.06 kapena DOT chosonyeza kuti chinayesedwa kulimba kwake, magalasi otchinga maso, magulovu, zotchinga maondo ndi jombo zazitali zolimba za njinga za m'tchire. Nsapato wamba siziteteza akakolo njinga ya makilogalamu oposa 110 ikagwera pa mwendo.

Tsopano kukwera. Pezani bwalo losalala, muphunzire kuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi munthu woyenda pansi, chiimirire, mu giya yoyamba. Chala chimodzi kapena ziwiri pa klatchi, chimodzi pa buleki, zotsalazo zigwire handulo. Moto ukhale wokhazikika, liwiro muzilamulira ndi klatchi ndi buleki ya kumbuyo. Zungulirani mojambula nambala 8, mukuchepetsa bwalo lake pang'onopang'ono. Ambiri amaona ngati zimenezi ndi zotopetsa, koma luso lonse la pa mizu, miyala ndi pakati pa mitengo lagona pomwepa.

Poimirira, pondani ndi kutsogolo kwa phazi, maondo apindike pang'ono n'kupana njinga, matako abwerere kumbuyo, mutu ukhale pamwamba pa mahandulo, zigongono zitukuke. Mikono ikamauma ndi kutupa pakangopita mphindi zochepa, ndiye kuti mukudzigwiriza ndi manja m'malo mwa miyendo. Maso aziyang'ana kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa chitsa, njinga imalunjika pa chitsa chomwecho.

Buleki ya kutsogolo musaiope, ndiyo imaimitsa njinga kwenikweni. Iphunzireni pa dothi losalala, njinga ili chilili, mukufinya pang'onopang'ono mpaka mumve pamene tayala likufuna kuterera, pomwepo n'kumasula. Pokhota chepetsani liwiro musanalowe, pendeketsani njinga pansi panu thupi likhale chilili, ndipo kanikizani chopondapo cha kunja.

Chikweza chimafuna kuti musankhe giya ndi kutenga liwiro muli m'munsi, chifuwa chili kutsogolo. Injini ikamafooka gwirani klatchi pang'ono kuti idzuke. Ikazima pakati pa chitunda, isiyeni mu giya ndipo klatchi musaigwire, chifukwa giyayo ndi imene ikuletsa njinga kubwerera chafutambuyo. Tsikirani mbali ya kumtunda, tembenuzani njinga pang'onopang'ono mpaka iyang'ane kumunsi, mutsike, mukayambirenso. Pa mtsetse thupi libwerere kumbuyo, giya yoyamba kapena yachiwiri, mabuleki onse awiri mofatsa. Tayala la kumbuyo likasiya kuzungulira njinga imayenda chammbali, ndiye masulani buleki pang'ono. Mu mchenga ndi zosiyana ndi zimene mtima umakuuzani: mukachotsa moto tayala la kutsogolo limazama, choncho kokerani thupi kumbuyo, moto usaduke, mahandulo muwalole agwedezeke pang'ono.

Mtsinje umene simukuona pansi pake, yambani mwauwoloka wapansi. Injini imakokera mpweya pansi pa mpando, choncho madzi ofika pafupi ndi pamenepo ndi ozama kwambiri kwa njinga. Ikagwera m'madzi zimitsani msanga, ndipo musayese kuiliza. Madzi sapanikizika, amapinda ndodo ya pisitoni. Chotsani pulagi, finyani fyuluta, imikani njinga ndi tayala la kumbuyo kuti ekizozi ikhuthuke, zungulitsani injini mpaka pabowo la pulagi pasiye kutuluka madzi. Mukafika kunyumba sinthani oyilo mobwereza mpaka asiye kuoneka woyererako.