Kupalasa njinga popita ku ntchito mu Zomba: njira ndi liwiro

Wopalasa njinga mu Zomba ayambe wadziwa kumene madzi amalowera. Mitsinje ya Likangala, Mulunguzi, Naisi ndi Domasi yonse imachokera m'phiri la Zomba, ndipo madzi ake amakathera ku nyanja ya Chilwa. Nsonga ya phirilo imapitirira mamita 2,000, tauni ili pa mamita pafupifupi 900, Chilwa ili m'munsi kwambiri. Choncho mukalunjika kuphiri ndiye kuti mukukwera, mukalunjika ku Chilwa mukutsika. Mukatsata msewu wa M3, umene umayenda m'tsinde mwa phiri kuchokera ku Thondwe kulowera ku Songani ndi Domasi, mumadula mitsinje imodziimodzi: mtsetse mpaka pamlatho, chitunda kuchoka pamlatho, kenako mtsetse wina.

Mbiri ya tauniyi inawonjezapo zake. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba ya malamulo inakhala kuno mpaka 1994. Maofesi ambiri akale a boma anamangidwa chakumtunda, pamene ambiri mwa ife timagona chakumunsi, monga ku Chikanda ndi ku Matawale. Ndiye m'mawa, nthawi imene mwavala malaya osita ndipo mukuopa kuchedwa, m'pamene chitunda chimakudikirani. Madzulo, mutatopa ndipo kukuchita mdima, m'pamene mumatsetsereka pa liwiro. Malangizo onse a njira ndi liwiro atsamira pamenepa.

Tiyambe ndi njira. Anthu ambiri amasankha yachidule, poyesa kuti kufupika ndiko kufulumira. Tiwerenge pang'ono. Tinene kuti njira yachidule ndi ya makilomita 2, imodzi yokwera, imodzi yotsika. Pokwera mukuyenda makilomita 6 pa ola, zimene zikudyerani mphindi 10. Potsika mukuuluka makilomita 30 pa ola, mphindi 2. Zonse pamodzi mphindi 12. Mnzanu wazungulira njira ya makilomita 3 yopanda chitunda chenicheni, akupalasa mosadzipanikiza makilomita 15 pa ola. Nayenso wafika pa mphindi 12, koma malaya ake ndi ouma. Nthawi imene chitunda chadya, mtsetse subweza yonse, chifukwa pokwera mumakhalapo nthawi yaitali, potsika mumangodutsa. Poyerekeza njira ziwiri, funsani kaye kuti iliyonse ikukukwezani kangati, makamaka zitunda zimene mumakwera n'kutsikanso musanafike. Izo ndi thukuta lotayika.

Funso lachiwiri ndi la magalimoto. M3 ndi msewu wa dziko lonse. Mathiraki ndi mabasi ochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde ndi Mangochi amadutsa m'kati mwa tauni, pamodzi ndi maminibasi, masiyenta ndi njinga zamoto za kabaza. Ubwino wake ndi tala ndi kuwongoka. Kuipa kwake n'kwakuti malo ena m'mphepete mwa tala munadyeka, moti tayala likaphonya limagwera m'kadzenje, ndipo pofuna kubwerera pa tala m'pamene munthu amagwera m'kati mwa msewu. Ine ndimalangiza kuti M3 muziigwiritsa ntchito pamene palibe njira ina, monga pa milatho, ndipo pamene pali msewu wa m'makwalala woyenda mbali yomweyo, tengani umenewo ngakhale ukutalikitseni pang'ono. Koma njira ya m'makwalala nayo ili ndi zake: ana a sukulu, nkhuku, agalu, mahampu, ndi mphambano zobisika ndi mipanda. Ndi njira ya munthu wofatsa. Ngati cholinga chanu n'kuthamanga, musalowemo.

Werenganinso malo amene muyenera kukhotera kumanja. Popeza timayenda kumanzere, kukhotera kumanja kumafuna kuti mudule magalimoto a mbali zonse ziwiri, ndipo pamsewu wodzaza apa ndiye poopsa kuposa pena paliponse paulendo wanu. Njira yokhala ndi makona ambiri a kumanzere ndi yabwino kuposa yokhala ndi kona imodzi ya kumanja pamalo othithikana. N'chifukwa chake njira yabwino popita sikhala yabwino nthawi zonse pobwerera, popeza kumanzere kwa m'mawa kumasanduka kumanja madzulo. Pamene simungachitire mwina, imani kumanzere, tsikani, muwoloke wapansi mukukankha njinga. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Pali malo ena ofunika maso anayi: pafupi ndi depoti ndi msika waukulu, pa Chinamwali, pageti la chipatala chachikulu, ndi pa misika ya m'mbali mwa msewu monga Thondwe ndi Songani pa tsiku la msika. Minibasi ikaona wokwera imakhotera kumanzere posayang'ana kuti m'mbali muli ndani, kondakitala atatsegula kale chitseko. Musadzipanikize pakati pa minibasi ndi ngalande. Galimoto yoima muidutse motalikira mita imodzi, kuopa chitseko. Thiraki ikaima pamphambano, musakaime m'mbali mwake kumanzere, chifukwa dalaivala sakuonani pamenepo, ndipo ikamakhota matayala akumbuyo amadula kona kuposa akutsogolo. Khalani kumbuyo kwake, pamene mukuona galasi lake la m'mbali.

Njira isinthenso ndi nyengo. Kanjira kafumbi kamene kamakuthandizani kuyambira Meyi mpaka Okutobala kamasanduka msampha mvula ikayamba. Dothi lofiira la katondo limakanirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, n'kuyamba kutokosa ndi kamtengo mutavala nsapato za ku ofesi. Timilatho tamatabwa tikanyowa timaterera. Koma choopsa kwambiri ndi madzi a m'phiri. Kumunsi kuno kungakhale kowala, kumtunda itagwa yambiri, ndipo mtsinje umadzaza mwadzidzidzi. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene Likangala imasinthira nkhope. Madzi othamanga musawoloke ndi njinga, ngakhale akuoneka ofika m'mawondo, chifukwa amagwira magudumu n'kukukokani nayo. Khalani ndi njira ziwiri, yachilimwe ndi yadzinja, ndipo yadzinjayo ikhale yodutsa pa mlatho weniweni. Njira yatsopano muiyese Loweruka kapena Lamulungu, muwerenge nthawi yake, osati kukaiphunzira Lolemba m'mawa.

Tsopano liwiro. Apa m'pamene anthu amadzizunza chabe. Wa ku ntchito akaona mnyamata wa kabaza akumudutsa, mtima umamuuza kuti amuthamangitse. Musatero. Mnyamatayo miyendo yake inazolowera, ndipo kwa iye mphindi iliyonse ndi ndalama. Inu mukufunika mukafike muli ndi mphamvu zogwirira ntchito tsiku lonse. Tiwerengenso. Ulendo wa makilomita 6 pa liwiro la makilomita 15 pa ola umatenga mphindi 24. Mukadzipanikiza kufika 18 pa ola, umatenga mphindi 20. Mwapindula mphindi 4 zokha, zimene mukazitayanso pamlatho podikira thiraki, kapena kuseri kwa ofesi mukudzipukuta. Chifukwa chake n'chakuti mphepo imene mumalimbana nayo imakula msanga kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Mphindi 4 zimenezo n'zosavuta kuzipeza kunyumba, pokonzeratu chikwama ndi kupopa matayala madzulo.

Muyeso wabwino wa liwiro si wotchi ayi, ndi mpweya wanu. Ngati mungathe kuyankha moni wonse, "Ndadzuka bwino, kaya inu achimwene," osadukiza mawu, muli pa liwiro labwino. Mukayamba kuyankha ndi mutu wokha, mwapitirira. Mphindi zisanu zoyamba palasani mofatsa kuti thupi litenthe, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chimatsika m'phiri. Mphindi zisanu zomaliza fatsaninso, chifukwa thukuta lambiri limatuluka munthu akaima mwadzidzidzi atangothamanga, mphepo yomuziziritsa itatha.

Pachitunda, sungani mphamvu yofanana ndi ya pamalo athyathyathya, liwiro lilekeni litsike lokha. Cholakwa chofala n'kulowa chitunda mwaukali, kuimirira pa mapedulo, n'kuthera mpweya pakati. Yambani mofatsa ngati mmene amayi amayambira kusinja mtondo wodzaza, kuti mphamvu ifike kumapeto. Amene muli ndi njinga ya magiya, sinthani chitunda chisanakugwireni, miyendo ikadali kuzungulira mopepuka. Kusintha giya mukuponda mwamphamvu kumadya mano ndi kudula tcheni. Ndimaona anthu ambiri ali ndi magiya okwanira koma akupalasa lolemera tsiku lonse, ati lopepuka ndi la ana. Mawondo ndi amene amalipira. Miyendo izizungulira kamodzi kapena kupitirirako pang'ono pa sekondi iliyonse.

Amene muli ndi njinga ya giya limodzi, monga Hero, Phoenix kapena Buffalo, musachite manyazi kutsika. Liwiro likafika pofanana ndi la munthu woyenda pansi, ndipo chiwongolero chayamba kupita uku ndi uku, kukankha n'kwabwino kuposa kupalasa. Nthawi yake ndi yofanana, ndipo kukhotakhota pachitunda magalimoto akubwera kumbuyo n'kuika moyo pachiswe. Mawondo akamapweteka, onaninso chishalo. Chikhale pamsinkhu woti chidendene chikaponda pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Ambiri chishalo chawo n'chotsika kwambiri, ndiye amapalasa atakhwinyata.

Za mtsetse ndikhalapo pang'ono, chifukwa zitunda zimangotopetsa koma mitsetse ndiyo imavulaza. Pafupifupi mtsetse uliwonse kuno umathera pamlatho, pakona kapena pamphambano, malo amene msewu umapanikizika ndipo mvula imasiyapo mchenga. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti muime umawirikiza kanayi. Gwirani mabuleki kumayambiriro kwa mtsetse, njinga isanakutengeni, ndipo gwirani onse awiri. Akumbuyo okha amangokhwekhwereza tayala, akutsogolo okha mukawafinya mwadzidzidzi angakuponyeni pamwamba pa chiwongolero. Khalani chakumbuyo pa chishalo. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli kale m'kati mwake. Pamtsetse wautali, monga wochokera kumtunda kwa maofesi akale, muzigwira ndi kutaya, kugwira ndi kutaya, kuti limu isatenthe kwambiri. Kukagwa mvula, mabuleki a labala pa limu yachitsulo amayamba aterera gudumu lisanaume, choncho yambani kugwira kutali. Mukanyamula thumba la ufa kapena mwana pa kaliyala, zonsezi ziwonjezereni. Ndipo chizolowezi chija choika chidendene pa tayala m'malo mwa buleki chisiyeni. Timalabala ta mabuleki n'totsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa kuchipatala, ndipo okonza njinga ali pansi pa mtengo pafupifupi m'dera lililonse.

Nthawi yonyamukira ndi mbali ya liwiro. Wonyamuka mochedwa ndi amene amadumpha pamphambano osayang'ana. Pa nthawi imene munawerenga tsiku loyesa lija, onjezani mphindi 10. Zimakwanira kubwezeretsa tcheni ikagwa, ndipo tsiku lopanda vuto zimakupatsani mpata wouma thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko ndipo pofika 7 limakhala litayamba kale kuluma, ndiye kulawira kumakupulumutsani. Imwani madzi musananyamuke. Malaya a ku ntchito muwapinde m'pepala la pulasitiki n'kuwamanga pa kaliyala, mupalase ndi ena. Chikwama chakumsana ndicho chimanyowetsa msana, chimangeni nachonso kumbuyo.

M'miyezi yozizira vuto limasamukira kumadzulo. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri mthunzi umafika msanga. Wotuluka mu ofesi 5 koloko n'kumapita ku Domasi kapena ku Thondwe, mdima umamupeza panjira. Nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo zikhalepo, pamodzi ndi chonyezimira chofiira pa madigadi. Tochi ya foni yogwira m'manja siikwanira, chifukwa imakulandani dzanja la buleki ndipo kumbuyo, kumene kumachokera ngozi, kumakhala mdima. Valani chowala, kapena kajekete konyezimira konga ka anyamata a njinga zamoto. Usiku njira yakutali ndi anthu muisiye ngakhale ili yachidule, mudutse kumene kuli nyumba ndi anthu oyenda. Chipewa choteteza mutu mukachipeza, valani ndipo mumange lamba wake.

Matayala muziwafinya ndi chala m'mawa uliwonse. Tayala lofewa limalemeretsa njinga ngakhale pamalo athyathyathya, ndipo likagunda m'mphepete mwa dzenje limatsina chubu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. Lizikhala lolimba, koma panjira yamiyala musalipope mpaka kuuma gwa, chifukwa njinga imayamba kudumphadumpha. Tcheni muzithira mafuta pang'ono n'kupukuta otsala, popeza mafuta ambiri amakoka fumbi n'kudya mano. Pampu, sulushoni, zigamba ndi sipanala yokwana pa magudumu zikhale m'kathumba pansi pa chishalo, ndipo kumata chubu muphunzirire kunyumba, kuti tsiku lophulika tayala pakati pa Songani ndi Naisi musakayambe kufunsa odutsa.